Kabulauni m'Chitini cha Mabatani

Alamu anga a Immaculata sadziwa kukhala pansi. Mukawapatsa mpando amakhalira kunsonga, diso lili pakhomo, ngati munthu wasiya mkaka pamoto. Kwawo ndi ku Bembeke. Anafika kuno ku Nairobi potsatira achimwene anga a Jerome, amene amayendetsa galimoto ya bungwe lina la mpingo. Amakhala ku Pangani, pamwamba penipeni pa mdadada wopanda chikepe, ndipo amasoka madiresi pakhonde. Loweruka lililonse amathamangira matatu, maminibasi a kuno, kupita ku South C kukatsogolera kwaya yathu ya Amalawi. Mawu awo, abale inu! Akayamba kuyimba, anansi awo a Chikenya amazimitsa wailesi.

Koma ali ndi mphumu, ndipo utsi wa magalimoto a mumzinda uno suwachitira chifundo. Adokotala anawapatsa timipope tiwiri. Kabuluu n'kopopera chifuwa chikabanika. Kabulauni n'ka m'mawa ndi madzulo, tsiku ndi tsiku, kaya akudwala kaya ali bwino. Atayamba kabulauniko anatha chaka chathunthu osagonekedwa m'chipatala.

Tsono ine Bessie ndili ndi kamwa, sindikana. Mu Juni tinkakonzekera Misa ya pa 6 Julaye, tsiku limene Amalawi a kuno timasonkhana kukumbukira ufulu wa dziko lathu, ndipo nyimbo yolowera ankayambitsa ndi alamu. Mwadzidzidzi mawu awo anayamba kusasa. Anavutika mtima zedi: tiyi wa jinja, uchi, mandimu, koma ayi ndithu. Tsiku lina ndili kwawo ndinatola kapepala ka m'bokosi la kabulauni, n'kuona mawu akuti siteroyidi.

"Alamu!" ndinakuwa. "Si zomwe zija zimakhala m'mafuta oyeretsa khungu? Mwaiwala momwe zinathetsera nkhope ya a Tionenji a m'kwaya? Ndiye inu mukuzipopera kukhosi! Komanso mukupopera chiyani muli bwinobwino? Mankhwala ndi a wodwala."

"Adokotala anati ndisamadumphitse," anayankha, akugudubuza kampopeko m'manja.

"Adokotala adzayimba ndi iwowo pa 6 Julaye?"

Anakaponya m'chitini cha mabatani. Patatha sabata mawu anabwerera, ine n'kumayenda modzitukumula ngati ndachiza munthu.

Kenako kunazizira, kuzizira kwa Julaye wa kuno kolowa m'mafupa. Alamu anayamba kuima pakati pa masitepe, ati akuyankha foni. Kabuluu kanasamuka m'chikwama n'kukhala m'manja. Katatu patsiku, kenako kasanu. Ndinkaona, koma ndinkangoti ndi chimfine, chifukwa kuvomera kulakwa kumandiwawa kuposa dzino.

Tsikulo linafika. Tchalitchi chinadzaza, amayi atatchena zitenje zofanana zimene anasoka ndi alamu omwewo. Utsi wa lubani unadutsa pafupi ndi kwaya. Alamu anakweza dzanja, anayimba mzere woyamba, wachiwiri unathera pakhosi. Ndinali pambali pawo, ndinamva chifuwa chikulira ngati wezulo. Anapopa kabuluu, anapopanso, osathandiza. Milomo inayamba kuda. Mayo ine! Achimwene anawanyamula ngati mwana, ndipo sindikudziwa momwe tinadutsira mumsewu wa Mombasa mpaka kufika kuchipatala. Ndinali ndi mantha oti ndapha munthu.

Masana, atayamba kupuma bwino, adokotala achizimayi anatikhazika pansi. Anati kabuluu kamangotsegula njira ya mpweya kwa kanthawi, koma kutupa kwa m'kati kumachepa ndi kabulauni, ndipo kamagwira ntchito pokhapokha munthu akamapopera osadumphitsa. Anawalembera mapilitsi a masiku asanu, oti amalize onse. Alamu atatchula za mawu osasa, adokotala anapukusa mutu.

"Mukanangobwera kudzandiuza. Mukapopera, muzichukucha m'kamwa ndi kukhosi ndi madzi, n'kulavula. Ndikupatsaninso kabotolo kopoperamo kuti mankhwala asamatsalire pakhosi."

Madzi! Madzi a pampopi basi. Ndinalakalaka nthaka itandimeza.

Achimwene anaimirira, nkhope ili gwa. "Anakuuzani kuti musiye ndani?"

Ine wa kamwa lotchuka uja ndinangoyang'ana pansi. Alamu sanandiyang'ane n'komwe.

"Ndinasiya ndekha, bambo," anatero.

Mpaka lero achimwene sadziwa, ndipo alamu sanandikumbutsepo. Akuthamangabe ndi matatu, akusokabe, akuyimbabe. Koma m'mawa uliwonse, ndisanapite ku ntchito ku Kilimani, ndimawaimbira foni. Sitipatsana moni. Amangoika foni pafupi ndi sinki, ine n'kumvera akuchukucha madzi mpaka atalavula.

"Mwamva, adokotala?" amatero.

"Ndamva, alamu."

Ndikatero ndiye ndimatha kumwa tiyi.