A Sajeni ndi Uthenga wa Maliro

Titangosamukira ku Canning Vale, munthu woyamba kugogoda pachitseko chathu sanabwere kudzatilandira. Anali bambo achikulire achizungu a nyumba yoyandikana nafe, aatali, owongoka ngati mtengo wa magetsi, ndipo anabwera kudzadandaula kuti anzathu a mlaga wa kutchalitchi aimika magalimoto pa kapinga wawo. Ine pakamwa panga sipachedwa. Ndinawayankha kuti kapinga si mazira, sasweka. Amuna anga anandiponda phazi. Bambowo anandiyang'ana kwa kanthawi, kenako anati pa ntchito yawo anthu oyankha ngati ine ankagona m'chitokosi.

Umu ndi mmene tinadziwira kuti anali wapolisi. Ali mnyamata anapita kunkhondo ku Vietnam, atabwerako analowa upolisi wa chigawo chino cha kumadzulo kwa Australia, ndipo anaugwira mpaka imvi zitadzaza mutu. Anapuma ali sajeni, choncho ife tinkangowatchula kuti a Sajeni. Za nkhondo sankanena. Ukawafunsa ankati kunali mvula yambiri, basi, nkhani n'kuthera pomwepo. Mamendulo awo ankakhala m'chitini cha mabisiketi pamodzi ndi mabatani a akazi awo.

Akazi awowo ndi amene anatiyanjanitsa. Anali mayi aafupi, a tsitsi loyera mbee, oseka ndi thupi lonse. Tsiku lotsatira anatipatsira mandimu pamwamba pa mpanda, akuti tisadandaule, amuna awo anazolowera kulamula ndipo panyumba palibe amene amawamvera. Kuyambira pamenepo ana athu akaweruka kusukulu ankafikira kwawo, ine ndikadali kumsika wa zamasamba komwe ndimalongedza katundu, amuna anga ali kuntchito kwawo ku Welshpool. A Sajeni ankawaphunzitsa kupukuta nsapato ndi kuwoloka msewu ngati asilikali.

Mkangano wathu weniweni unadza bambo anga atamwalira ku Kasungu. Foni inafikira amuna anga m'mamawa. Iwo anangondiuza kuti bambo akudwala kwambiri, ndisapite kuntchito. Chakumasana amayi a kutchalitchi anayamba kufika mmodzimmodzi, atamanga zitenje, n'kumakhala pansi pakapeti osanena zambiri. Munthu wamkulu umadziwa. Pamene mkulu wa mpingo ankatsegula pakamwa madzulo, mtima wanga unali utafika kale pamene ankanditengerapo.

A Sajeni anaona magalimoto, koma ulendo uno za kapinga sananene. Anafunsa amuna anga panja, ndipo atamva kuti kuyambira m'mawa ine sindinauzidwe, anapsa mtima. Anadikira kuti maliro adutse, kenako anandipeza ndikuyanika zovala, n'kuyamba mlandu wawo pampanda pomwepo. Tinkayankhulana m'Chingerezi, chawo chothamanga, changa cha ku Kasungu.

Anandiuza kuti zaka zambiri anagwirira ntchito m'matauni ang'onoang'ono a kuminda ya tirigu, kumene misewu ndi yaitali ndipo ngozi sizisowa. Munthu akafa pamsewu, wotumidwa kukagogoda kwa abale ake ankakhala iwo. Anali ndi dongosolo lawo: uvule chipewa, utsimikize kuti sunalakwitse nyumba, umukhazike munthu pansi, ndiye unene.

"Usanene kuti watisiya, kapena kuti zinthu sizili bwino," anatero. "Nena kuti wafa. Ukazungulira, munthu amagwira kachiyembekezo, ndipo umamupha kawiri."

Ine ndinati kwathu uthenga wa maliro sitiuponya ngati mwala. Timamuyandikira munthu pang'onopang'ono, kuti pogwa apeze manja omugwira. Iwo anati anthu anandinamiza tsiku lathunthu. Ine ndinati anthu anandisamala tsiku lathunthu. Palibe anagonja. Akazi awo, ali pakhonde, anati ife awiri tikanakhala m'banja limodzi nyumba ikanapsa. Pomaliza a Sajeni anandiloza ndi chala, akuti tsiku likadzafika loti iwo amve uthenga woipa, ndidzawauze mosabisa, zachimalawizo ayi. Ndinavomera ndikuseka, poti kulonjeza dzuwa likuwala n'kosavuta.

Panapita zaka, ana athu anakula n'kusiya kupukuta nsapato. Akazi awo a Sajeni aja anagwa m'dimba lawo tsiku lina, ndipo kuchipatala sanakhalitseko. Atamwalira m'pamene tinazindikira chimene ankatibisira: mutu wa a Sajeni unali utayamba kale kutaya zinthu, ndipo mayiwo ndi amene ankatolera m'mbuyo mwawo. Pamaliropo, a Sajeni anaima chiriri atavala mamendulo, n'kugwira chanza aliyense. Tinati ndi munthu wolimba mtima.

Mwana wawo wamkazi amakhala ku Melbourne. Maliro atatha anabwerera komweko, akufufuzira bambo ake malo kunyumba yosungira okalamba, ndipo malowo ankachedwa kupezeka. M'mawa ndi madzulo kunkabwera anthu owasamalira. Masana onse otsalawo anali a ine, poti tsopano ndinkaweruka msanga.

Tsiku lina ndikuchokera kuntchito ndinawapeza pageti akuyang'ana kumsewu. Anandifunsa ngati ndakumana ndi akazi awo, akuti apita kokagula zinthu ndipo achedwa. Ndinakumbukira chala chija, ndipo ndinachita zonse monga anandiphunzitsira. Ndinalowa nawo m'nyumba, ndinawakhazika pampando, ndinagwada patsogolo pawo.

"A Sajeni, akazi anu anamwalira. Tinawaika m'manda, ndipo inu munalipo."

Anandifunsa liti, kuti, ndi ndani anali nawo pa nthawiyo, mafunso a ntchito, limodzi pambuyo pa linzake. Ndinayankha onse. Kenako analira. Ndamvapo anthu ambiri akulira maliro, koma kulira kwa munthu amene sanazolowere kulira kumapweteka mwa mtundu wina. Ndinawagwira dzanja mpaka atatonthola, n'kupita kukawapangira tiyi. Tiyiyo asanazizire, anayang'ana wotchi yapakhoma, n'kundifunsa ngati ndakumana ndi akazi awo.

Mawa lake ndinawauzanso. Mkuja wake chimodzimodzi. Tsiku lililonse mayi aja ankamwalira mwatsopano, ndipo wowapha ndinali ine. Ndinkabwerera kunyumba ndili wofooka, chakudya osachifuna. Amuna anga anati ndisiye, ndikuwazunza akuluwo. Amayi a kutchalitchi anadabwa kuti ine, mwana wa ku Kasungu, ndayamba liti kuponya mawu otere pamaso pa nkhalamba. Mwana wawo pafoni anati anamwino akulangiza kuti tisamawauze. Aliyense ankanena zanzeru, koma palibe mwa iwo amene analozedwa chala pampanda paja.

Ndinagonja, n'kuyesa njira yakwathu. Atandifunsa, ndinati mayi sakupeza bwino, ali kuchipatala, madokotala akuwaona. A Sajeni anandiyang'ana monga anandiyang'anira tsiku la kapinga lija.

"Mukunama, mayi. Mukuyang'ana kumbali."

Anali ataiwala manda a akazi awo, koma ntchito yawo sanaiwale. Anafunsa chipatala chake, wodi yake, dzina la dokotala. Ndikaphonya pang'ono ankabwereza funso lomwelo mwanjira ina, mpaka nditadzikola ndekha. Kenako anayamba kufufuza makiyi a galimoto kuti apite okha, ndipo madzulo amenewo amuna anga anachita kukawabisa makiyiwo kwathu. Ndikanena zoona ankasweka mtima, ndikanama ankadziwa kuti ndikunama, n'kuyamba kuopa zoposa. Ndinagwira njakata. Ndinakwiyira mwana wawo chifukwa chokhala kutali, ndinakwiyira mayi aja chifukwa chotsogola, ndipo masiku ena popemphera ndinkachita kukalipa. Palibe chimene chinasintha. Dzuwa likapendeka, a Sajeni ankakhala ali pageti.

Malo aja atapezeka ndinapuma, ndipo ndinachita manyazi ndi kupumako. Kunyumba ya okalambayo antchito ankawauza kuti mayi apita kokagula zinthu, abwera posachedwa, n'kuwapatsa bisiketi. Atsikana ake anali aulemu ndi otanganidwa, ndipo ankanena akuyenda, choncho a Sajeni sankapeza mpata wowayang'ana m'maso. Ine ndinkapita Loweruka. Pang'ono ndi pang'ono anasiya kundidziwa. Ana anga anapita kangapo, kenako anati sangathe, ndipo sindinawakakamize.

A Sajeni anamwalira nyengo yozizira yapitayi. Pamaliro panabwera nkhalamba zinzawo za mamendulo ndi apolisi achinyamata a yunifolomu zositidwa bwino. Ananena za kulimba mtima kwawo ndi za zaka zimene anatumikira, zonse zoona. Ine ndinakhala kumbuyo ndikuganiza za Loweruka lina, miyezi ingapo asanamwalire.

Tsiku limenelo ndinachokera kumsika osadzera kunyumba, nditavala jekete yanga ya kuntchito, ya mizere yowala ngati ya apolisi. Nditangolowa m'chipinda chawo anaimirira, maso ali pajekete. Anandiyesa wapolisi. Anati bwino ndabwera, akhala akuitana kuyambira m'mawa, akufuna kupereka lipoti la munthu wosowa. Anandilozera mpando, ine ndinakhala.

Anayamba kufotokoza mwadongosolo, mawu awo atabwerera mwakale. Wosowayo ndi mkazi wawo. Ndi wamfupi, tsitsi lakuda lofika m'mapewa, wavala diresi yachikasu ya mabatani kutsogolo. Pachala chachikulu chakumanzere ali ndi kachipsera kodzicheka ndi chitini. Akaseka amagwira pakamwa chifukwa dzino lina lakutsogolo ndi lokhota. Ali ndi pakati pa mwana woyamba, choncho sangayende mtunda wautali. Mayi amene ine ndinkawadziwa anali a tsitsi loyera, ndipo poseka sankabisa kanthu. Mtsikana ameneyu sindinamuonepo, koma ndinkachita kumuona akuyenda m'chipindamo.

Sindinanene zoona, sindinaname. Ndinangofunsa mafunso. Ndinafunsa kumene anamuona komaliza, ndi ngati ali ndi anzake kumene angapite. Anayankha zonse, ndipo penapake anandidzudzula kuti ndayamba ndi mafunso olakwika, wapolisi wabwino amayamba wafunsa ngati munthuyo amamwa mankhwala. Ndinapepesa. Anati palibe kanthu, ndikadali watsopano, ndidzaphunzira.

Titamaliza anandiperekeza mpaka pachitseko. Pamenepo mawu a ntchito aja anatha, panatsala a mwamuna wamantha.

"Fulumirani, chonde. Maola oyamba ndi amene amafunika. Kukada sadziwa njira."

Ndinati ndamva, bwana. Ndinatuluka ndikuyenda pang'onopang'ono, misozi itatseka maso, osadziwa ngakhale pamene ndaimika galimoto. Nditafika panja ndinacheuka. Anali ataima pawindo, dzanja lili pagalasi, akundiyang'ana mmene ndikuzengerezera.

Ndinayamba kuthamanga.