Kompyuta Yokwatitsa Anthu

Nthawi imene ndinkagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Kande, tinali ndi kompyuta yokonda tulo. Ukangoisiya pang'ono, inkayamba kuonetsa zithunzi za antchito tonse, china chikuzilala, china chikutulukira mkati mwake. Kasinthidwe kameneko ndinasankha ndine, chifukwa kena kanali kophwanya nkhope za anthu ngati mbale.

Tsoka linagwera wophika wathu, bambo wa ku Thyolo, mkulu wa mpingo wosayang'ana ndi kumbali komwe. Chithunzi chawo chinkatsatizana ndi cha mtsikana wochapa zovala. Pozilalapo, kwa kamphindi, mutu wa mtsikanayo unkatsamira pachifuwa pawo. Ife tinkaseka mpaka nthiti kuwawa, eni ake osadziwa kanthu.

Tsiku lina akazi awo, mayi wachitonga wosapsatira mawu, anabwera kudzagulitsa mpunga wa ku Limphasa. Podikira, maso awo anagwera pakompyuta. Anaitanitsa amuna awo kukhitchini.

"Ada, ichi n'chiyani?" anawafunsa, monga Atonga aitanira bambo.

"Ndi makina, mayi. Ine mwanayu sindinaimepo naye pafupi."

"Makina? Amuna onse ali panowa, makinawo aona inu nokha? Mukandipeza kwathu ku Tukombo."

Bamboyo anandiyang'ana, thukuta lili kamukamu. Ndinachita mantha zedi, banja la eni likutha chifukwa cha zoseweretsa zanga. Ndinafotokoza, ndinawaonetsa mlonda akuzilala ine n'kutulukira m'ndevu zake, koma mayi sanamve. Ndinati basi ndingochotsa zonse.

"Usachotse," anatero mayiwo. "Ngati n'zoona imalumikiza aliyense, undijambule ineyo, undiike pambuyo pawo."

Ndinawajambula ndi kamera ya pa loji, atayamba amanganso mpango bwinobwino. Kenaka tinadikira kuti kompyuta igone, aliyense woyandikira tebulo mayi akumuthamangitsa ngati nkhuku. Bambo aja anatulukira pakompyuta, n'kuyamba kuzilala, ndipo mutu wa akazi awo unatsamira pachifuwa pawo.

Mayi anagwira pakamwa. Awiriwa anali ndi ana akuluakulu, ena okwatiwa kale, koma analibe chithunzi ali limodzi. Kutsamirana pagulu ankati n'kwa azungu a kugombe. Ine zinandikhudza, ndipo kuseka kunandithera.

"Iii, zamanyazi," anatero mayiwo, misozi ikulengeza. Kenaka anakoka mpando n'kukhala. "Tabweza, tionenso."