Mpata Umene Ndinadula mu Nyimbo ya Abambo

Ndinaganiza zopita ku Joni sabata imene kabichi wathu anaolera pa msika wa Lizulu. Tinamusenza kuchokera ku Biriwiri, tinakhala naye masiku atatu, ogula akungoima ndi magalimoto awo n'kumatchula mitengo yachipongwe. Tsiku lachinayi ndinamusiyira mbuzi. Nditafika kunyumba ndinauza abambo kuti zaulimi zandikwana, ndikukasaka moyo kumene iwo anakasaka ali mnyamata. Abambo anagwirapo ku migodi zaka zambiri, ndipo chimene anabwerako nacho ndi chifuwa ndi jekete limodzi. Sanandiletse. Anangoti, "Pita, koma usakatchone." Ndinatchona zaka zisanu ndi zinayi.

Lero ndili pakhonde la nyumba yomweyo, laputopu ili pamiyendo, abambo kulibe. Chimene chatsala cha mawu awo padziko lino chili m'makina amenewa, ndipo n'chachifupi moti mukatsokomola chakupitani. Amene anachifupikitsa ndine.

Ku Joni ndinayamba ndi maganyu: kutsuka magalimoto, kusenza simenti, kugona anthu asanu m'chipinda chimodzi aliyense foni yake ili kukhutu. Asakunamizeni ndi zithunzi zovala majekete zija. Kumeneko umatha sabata osamva munthu akukutchula dzina lako bwinobwino. Mwayi unandipeza pa situdiyo ina yaing'ono yojambulira nyimbo, kumene ndinalowa ngati wosesa. Mwini wake, mkulu wina wa ku Kongo, ataona kuti ndimasesa malo amodzi nthawi yaitali maso ali pa kompyuta, anandikhazika pampando n'kuyamba kundiphunzitsa.

Ntchito yake ndi iyi. Mawu akalowa mu kompyuta amaoneka ngati timapiri tondondozana pa mzere. Pamene munthu akuimba pamatukuka, pamene wakhala chete pamangokhala kamzere kosalala. Iwe umagwira mausi n'kumadula: apa watsokomola, chotsa, apa wachedwa, mukokere kutsogolo agwirizane ndi biti, kugunda kwa zoimbira kuja. Ukapeza kachidutswa kokoma umakakoka kuti kazibwerezabwereza kokha, imeneyo ndiye lupu. Bwana ankati kamzere kosalala n'kotayitsa nthawi, womvera amathawa. Ndinafika poti ndikangoona pachete dzanja linkandiyabwa.

Kumudzi ndinkatumiza kangachepe ka feteleza ndikapeza, ndikasowa ndinkazimitsa foni. Amene ankandipirira ndi mlongo wanga Esinati. Tsiku lina ananditumizira mawu amene anajambula pa foni yake: abambo ali pakhonde akuimba nyimbo ya ngoma, ya Chingoni chakale chija chimene ife timangomva kukoma kwake tanthauzo osalidziwa. Ndinamvera ndili mu minibasi, misozi inatsika pagulu, mwamuna wandevu pepeya. Kwathu ndinakusowa tsiku limenelo mpaka m'mafupa.

Koma khutu la ntchito silichedwa kudzuka. Abambo ankaimba mzere umodzi n'kuima, kuimba wina n'kuimanso. M'mipata imeneyo munkangomveka mphepo, nkhuku, ndi kaphokoso kena chapatali. Ndinati basi nkhalamba ikupuma, n'chifuwa chija. Ndinadula mipata yonse, ndinasankha mizere iwiri yomveka bwino, n'kuilumikiza, n'kuipanga lupu pamwamba pa biti yolemera. Zotsalazo ndinafufuta poti kompyuta ya eni ake inkadzaza. Bwana anaikonda, woimba wina anaigula, ndipo chaka chimenecho feteleza anafika kumudzi mvula isanagwe. Ndinayenda mapewa ali m'mwamba. Sindinafunse aliyense chimene abambo ankaimira, ndipo safunsa anadya phula.

Abambo sanaimve nyimboyo. Ndinkati ndidzawaikira ndekha kuti aimve ndikapita Khirisimasi, ndipo ma Khirisimasi anadutsa angapo. Foni yanga anandilanda pa siteshoni, ya Esinati inagwera m'chitsime cha ku dimba, mawu oyambirira aja n'kupita nazo. Kenako uthenga unabwera kuti abambo atisiya. Mapepala anga anali atatha kalekale, ya basi ndinalibe. Maliro a bambo wondibereka ndinalirira pa foni yobwereka, ndipo masana omwewo ndinabwerera kukadula mawu a anthu ena. Ndikanatani?

Ndabwera chaka chino kudzamanga chiliza. Ndinatsika pa Biriwiri ndi chikwama chimodzi ndi laputopu yakale imene bwana anandipatsa potsanzikana, momwe munali lupu ija. Ana a Esinati anandipatsa moni ngati mlendo wa tchalitchi. Amayi anandiyang'ana kuchokera kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti Joni yandidya, kenako anatumiza madzi osamba. Sanandifunse za maliro. Kusafunsa kumeneko kunandipweteka kuposa kukalipa.

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, amayi ankasenda kachewere pakhonde. Osadzutsa mutu anati, "Esinati akuti mawu a abambo ako uli nawo iwe. Ndiwamveko."

Ndinatsegula laputopu, ndinazimitsa biti kuti atsale mawu okha, n'kudina. Amayi anaika mpeni pansi. Abambo anaimba mzere woyamba, amayi anatsegula pakamwa, koma asanatulutse liwu abambo anali atalowa kale mzere wachiwiri. Amayi anadikira. Wachiwiri utatha anakoka mpweya, lupu inabwerera poyamba. Anayesa kachitatu, kenako anatseka pakamwa n'kufunsa ngati makinawo awonongeka. Ndinawafotokozera, monyadirako ndithu, kuti sanawonongeke, ndinakonza ndine, ndinachotsa ponse pamene abambo ankapuma.

"Kupuma?" anatero amayi. "Sankapuma amene aja. Ankadikira ine. Tsiku limenelo ndinali kuseri ndikuyanika ufa, ndinkavomerera komweko."

Kaphokoso kachapatali kaja, kamene ndinakasesera kunja pamodzi ndi nkhuku, anali amayi anga. Ndipo sindinganame kuti sindinkadziwa. Ndinakulira pakhomo pomwe pano, ngoma ndinaionera kuyambira ndili pamsana. Mwana aliyense wa kuno amadziwa kuti woyambitsa akaponya nyimbo amasiya mpata kuti ena avomere, ndipo mpata umenewo uli ndi eni ake. Zaka zokhala ndekha m'mahedifoni zinandiiwalitsa chinthu chimene sindinachite kuphunzira kusukulu.

"Wawasiya akungoitana okha, popanda wowayankha," anatero amayi, mosakweza mawu, n'kutolanso mpeni wawo.

Manyazi anandigwira, koma manja anadziwa chochita. Ndinadula lupu ija pakati, ndinakokera mzere wachiwiri kumanja, pakati panatsala mpata. Simunali mphepo ya kwathu m'menemo, simunali nkhuku, munali chete wouma wa makina. Ndinawapempha amayi kuti ayesenso. Abambo anaponya, amayi anavomera, nyimbo ili yomweyo, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinaimva yathunthu. Koma amayi asanamalize, abambo anawalowa m'kamwa. Amayi anandiuza kuti ndiwonjezere. Ndinawonjezera, mpata unatalika kwambiri, abambo anachedwa kulowa ngati munthu amene waiwala. Esinati anachoka pakhondepo akupukuta m'maso ndi chitenje.

Papita milungu itatu. Chiliza tamanga, tikiti yobwerera sindinagule, ndipo sindikudziwa ngati ndidzagula. Masana aliwonse amayi akachokera ku dimba amakhala pambali panga, iwo akuvomera ine ndikukoka. Ndayesa kuwerenga masekondi, ndayesa kutsatira timizere ta biti, muyeso wake sindikuupeza. Amayi savomera mofanana kawiri: lero akoka mawu, mawa chifuwa chawadula, tsiku lina angoimirira pakati n'kumayang'ana kumanda. Ndatopa, ndipo ndikudziwa kuti zimene ndinafufuta sizidzabwerera.

Dzulo nditakoka kakhumi, amayi anaika dzanja lawo pamwamba pa langa kuti ndisiye mausi.

"Usavutike, mwanangu," anatero. "Abambo ako sankayeza. Ankangondimvera mpaka ndimalize."