Kaseti ya m'chikwama cha amayi

Kaseti ija inali yotuwa, chikuto chake chong'aluka pakona, ndipo pachithunzi panali mayi wojintcha atavala chisoti cha nthenga, kukamwa kuli yasa. Ndinaipeza m'chikwama cha amayi cha kuntchito itakulungidwa m'chitenje, pa tchuthi chachitali cha chaka chimene ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi. Tinkakhala kunja kwa Malawi, m'tauni ya Rockville, ndipo amayi ankasamalira bambo wina wokalamba ku Bethesda.

Wailesi yathu inkangodziwa makwaya basi. Nyimbo zina zonse amayi ankati ndi za kumowa. Nanga kaseti imeneyi inkafunanji m'chikwama mwawo? Ndinali nditamvapo kutchalitchi za mayi wina amene anachotsedwa ntchito pomuganizira kuti waba ndolo, mpaka apolisi anafika pakhomo pake. Sabata imeneyo amayi sanapite kuntchito. Ine ndinaweruziratu mlandu: aba, awachotsa, atibweza ku Malawi. Galimoto ikangoima panja ndinkasuzumira pawindo mtima uli m'mwamba. Ndinali kamwana konunkhiza zilizonse, ndipo lero ndikuvomera kuti ndinkanyanya.

Masana amayi ankadzitsekera kuchipinda n'kuyatsa kasetiyo motsitsa. Ine khutu pachitseko. Mawu a mayi wa pachithunzi uja ankatuluka m'kati mwa phokoso longa la mafuta akuthetheka m'poto, olemera, okoka, ndipo lipenga linkamuyankha. Sindinkamva zonse zimene ankanena, koma zinkandichititsa mantha.

Ndinakaulula kwa amalume, amene ankayendetsa takisi. Nditafotokoza za chisoti cha nthenga anaseka chikhakhali. Anati nyimbo zimenezo ndi blues, woimbayo anamwalira kalekale, koma onse amene ndinkawamva pawailesi ya m'takisi mwawo anayamwa kwa iyeyo. Nditatchula za kuba, kuseka kunathera pomwepo. "Usadzayerekezenso," anatero.

Koma pakamwa panga panalibe chotsekera. Loweruka amayi akupinda zovala ndinawafunsa kuti kaseti ya eniake akabweza liti. Anaika pansi chovala chimene ankapinda.

"Mwini wake anapita, mwanawe."

Anandiuza kuti bambo aja ankakana kusamba pokhapokha kasetiyo ikulira, ndipo ankaimba nawo ngakhale anali ataiwala mayina a ana awo. Atamwalira, a ku ofesi imene inawalemba ntchito anangoimba foni kuti amayi asapitekonso Lolemba. Pokabweza kiyi anapeza maliro ataikidwa kale, a pabanja okhaokha, ndipo kasetiyo ili m'jumbo la zinyalala pakhonde. Mwana wa malemuyo anati akhoza kuitenga ngati akuifuna.

Ine chimene ndinamva n'chakuti apolisi sabwera. Ndinalumpha n'kuthamangira panja kukasewera, ndipo mpaka lero zimandichititsa manyazi. Sindinkadziwa kuti kwathu munthu amene wamusambitsa zaka zitatu sumusiya apite osamulira, ndiponso kuti masana onse aja, kuseri kwa chitseko, amayi anali pasiwa okhaokha.