Chithunzi Chotsiriza pa Filimu

Abambo ojambula zithunzi a m'komboni mwathu amayenda kamera ili m'khosi, imvi zili mbuu. Palibe phiri pakati pa Chipata ndi Tamanda limene sanalikwere. Amakonda kunena kuti, "Filimu sibwerera m'mbuyo."

Chaka chatha Mayi Hazel, amene miyendo inawafa, anawapempha kuti akawajambulire mudzi wakwawo umene umaoneka munthu akaima pamwamba pa phiri lina. Pa filimu panatsala chithunzi chimodzi. Abambowo anakwera kawiri, koma utsi wa moto wam'tchire unaphimba chigwa, ndipo anatsika osajambula. Kachitatu kunayera.

Atalandira chithunzicho, Mayi Hazel anaika chala pa kadontho koyera.

"Achimwene, nyumba ya amayi iyi! Akhoma malata?"

"Akhoma," anatero abambowo. "Ikuwala kuposa zonse m'mudzimo."