Mfuti za a Brendan

Ndinali ndi zaka 11 pamene kampani yomanga nyumba imene bambo anga ankagwirako ntchito inatsekedwa. Tinkakhala ku Coolock, m'dziko la Ireland, ndipo chaka chimenecho azibambo ambiri a mumsewu mwathu ankapezeka pakhomo masana. Bambo anga analeka kumeta ndevu. Ankangokhala kukhitchini atavala jekete, tiyi mpaka kuzizira osamwa.

Nyumba yoyandikana ndi yathu inali ya a Brendan, mkulu wa ku Ireland konko amene ali mnyamata anaphunzitsapo pasukulu ya mishoni ku Malawi. Chichewa ankachilankhula kuposa ine, amene ndinkangomva n'kumayankha m'Chingerezi. Mkuluyu ankasonkhanitsa mfuti zakale za volovolo. Anali nazo zinayi, zonse za laisensi, m'bokosi lachitsulo lokhoma. Akamazipukuta ankandilola kuonerera, manja nditaika kumbuyo. Chipinda chonse chinkanunkha oyilo, ndipo zigwiriro zamtengo zija zinali zitasalala ndi manja a anthu amene anamwalira kalekale.

Loweruka lililonse ankawatenga bambo kupita nawo kukalabu yowombera chandamale. Ndi tsiku lokhalo limene bambo ankadzuka m'mawa.

Loweruka lina atabwerako, ine ndikusewera ndi njinga pafupi ndi geti, ndinamva bambo akuti, "A Brendan, mundibwerekeko yaing'ono ija. Ndikaipukute kunyumba, ndilibe chochita masiku ano."

A Brendan anawayang'ana nthawi yaitali. "Ayi, a Phiri. Lowani timwe tiyi."

Bambo sanalowe. Anadutsa pafupi nane atazolika, ndipo mtima unandiwawa. Ndinaganiza kuti mzungu uja wawaona ngati wakuba chifukwa ntchito yawathera.

Patapita masiku atatu ndinapeza bokosi lija lili pululu. Nditafunsa, a Brendan anati, "Ndazipereka kukalabu, mwanawe. Manja anga ayamba kunjenjemera." Ndinayang'ana manjawo. Sankanjenjemera. Ndinaona ngati azibisa poopa ife, ndipo ndinaleka kuwapatsa moni.

Koma Loweruka iwo sanaleke kugogoda pakhomo pathu. Ankatuluka ndi bambo kukayenda m'mbali mwa nyanja, ngakhale kugwe mvula. Tsiku lina anakwera nawo basi kupita kwa dokotala. Patapita chaka ndi theka bambo anapeza ntchito yoyendetsa vani, n'kuyambanso kudya nafe patebulo.

A Brendan anamwalira ndili ndi zaka 16. Titatuluka mu Misa ya maliro, bambo anaima pakhonde la tchalitchi n'kundiuza motsitsa mawu, "Tadala, tsiku lija sindinkafuna kukapukuta mfuti ayi. Iwo anadziwa."

Lero ndimamvetsa kuti mkulu uja anasiya chinthu chimene anachikonda moyo wawo wonse kuti ine ndikule ndi bambo. Sanauze aliyense, ndipo analola kuti mwana wa mnzawoyo aziwadutsa osalankhula. Moni ndinadzayambanso kuwapatsa, koma kupepesa sindinapepese, chifukwa pamene ndinkadziwa cholakwa changa anali atagona kale m'bokosi.