Potiphar, Katswiri wa Malo Amene Sanafikeko

Potiphar Chimphamba anabwera ku Dubai mu 2017 kuchokera ku Balaka, kumene ankagulitsa mafoni akufa n'kumauza anthu kuti angokomoka. Kuno anapeza ulonda pa yadi ina ku Al Qusais, kumene anthu olemera amasungitsa makalavani awo, tinyumba tokoka ndi galimoto tija. Ine ndine Gideon, dalaivala wa kampani yomweyo. Tinagona chipinda chimodzi zaka zitatu, iye bedi lam'mwamba, ine lam'munsi, choncho mabodza ake onse ndinawamva ndisanadye kanthu m'mawa.

Korona isanabwere, makalavaniwo ankangodya fumbi. Koma maulendo a pandege atavuta, mabwana ozolowera kukapuma ku Ulaya anakumbukira kuti ali ndi tinyumba ku Al Qusais. Pofika Disembala 2020, kunja kutayamba kuzizira, geti la Potiphar silinkapuma.

Ntchito yake inali kutsegula geti ndi kulemba nambala ya galimoto. Basi. Koma mkuluyu anali ndi makutu. Wina akabwerako n'kudandaula kuti ku Al Qudra anthu achuluka, mawa lake Potiphar ankauza wina zomwezo, masiki ali pachibwano, nkhope itakwinyika ngati amene anapanikizika kumeneko ndi iyeyo. Ku Liwa ankati mchenga wake ndi wofewa kwambiri. Ku Fujairah ankati mphepo ya kunyanja imagwedeza kalavani. Munthu woti malire ake anali sitima ya mumzinda ya Metro ndi shopu ya tela ku Satwa! Mchenga ukalowa m'nsapato mwake ankadandaula tsiku lonse.

Ndinamufunsapo kuti, “Aise, malo amenewa unafikako liti?”

“Dokotala amayamba wadwala kaye matenda onse?” anatero, n'kupitiriza kupolisha nsapato.

Tsiku lina kunabwera Bambo Abraham, Mmwenye wofatsa wa ku Silicon Oasis, amene anali atangogula kalavani yaitali ngati basi. Iwo ndi akazi awo anali ndi pepala la malo anayi, onse odziwika, okhala ndi madzi ndi zimbudzi. Analakwitsa chinthu chimodzi: anaonetsa pepalalo kwa mlonda.

“Bwana, kumeneku n'kumene kumapita aliyense,” anatero Potiphar. “Mukufuna mukatengeko Korona? Ine ndikudziwa khwawa lina kumapiri. Kulibe munthu, kulibe mphepo, pansi n'posalala ngati tebulo.”

Khwawalo analimva kwa mkulu wina wa njinga yamoto. Zoti njinga yamoto ndi kalavani n'zosiyana, mutu wake sunafikeko.

Kampani inandituma kuti ndikakoke kalavaniyo Lachisanu. Bambo Abraham anapempha kuti katswiriyo apite nawo akalondolere njira, poti linali tsiku lake lopuma. Potiphar anayesa kudwala mutu, koma atakumbutsidwa kuti wodwala mutu masiku amenewo ankapita kukayezetsa mphuno, anachira pomwepo.

Pa tala anayankhula njira yonse. Titakhotera m'fumbi anayamba kuchepetsa mawu. Msewu unasanduka miyala, mapiri anayandikirana uku ndi uku, ndipo kumbuyo ndinkamva mbale za Mayi Abraham zikusweka imodziimodzi.

“Kumanja kapena kumanzere?” ndinamufunsa pamphambano.

“Kale kunalibe mphambano pano,” anatero.

Tinapita kumanzere. Patangopita mphindi khumi, msewu unathera pa thanthwe, ndipo malo otembenukira panalibe. Kunatulukira bambo wina wachikulire woweta mbuzi. Anayang'ana kalavani, anayang'ana mitambo imene inali pamwamba pa mapiri, kenako analoza pansi pamene tinaima n'kuchita ndi manja ngati madzi akusefukira.

“Yalla, yalla! Khalas!”

Ngakhale Potiphar anamva Chiarabu chimenecho.

Ndinabweza kalavaniyo chambuyo pafupifupi makilomita awiri. Katswiri uja ndinamutsitsa kuti azindilondolera, koma ankasokoneza kumanja kwake ndi kumanja kwanga, mpaka tinaphwanya nyali yam'mbuyo. Mayi Abraham anamukankhira pambali n'kuyamba kulondolera okha, ndipo zinayenda. Tinafika pa tala dzuwa litapendeka, mvula ikuwaza pagalasi. Malo anayi a papepala aja anali atadzaza kale.

Bambo Abraham sanakalipe. Anangoti tibwerere ku Al Qusais. Koma akazi awo anakana kupita kunyumba. Anati anauza anzawo onse kuti akukagona m'kalavani, ndipo agona m'kalavani. Choncho anakhala masiku awiri m'yadi momwemo, pakati pa makalavani a eni, akuwotcha nkhuku pafupi ndi mpanda, ndege zikudutsa pamutu. Potiphar anabwerera pa geti lake, ndipo nthawi zonse mayiwo akamapita kukagula madzi ankayenera kuwatsegulira n'kuchita sawatcha. Sanamuyang'anepo ngakhale kamodzi.

Manyazi? Ayi ndithu. Lolemba ndinamumva akuuza mzungu wina kuti, “Kumakhwawa musayerekeze, bwana. Ine ndapulumutsako banja lathunthu kumeneko.”

Mu Malichi kampani inamusamutsa kukalondera pakhomo la famase ina ku Satwa. Nditadutsako mwezi wotsatira, ndinamupeza atazunguliridwa ndi amayi atatu, akuwafotokozera katemera woyenera magazi awo.